Kafukufuku wa utsogoleri ndi misika: sukulu ya bizinesi iyambire pati?

Funso: Ndine mayi wophunzitsa pa sukulu ina ya bizinesi, ndipo andiika m'komiti yokonza mitu ya kafukufuku ya zaka zisanu zikubwerazi pa nkhani ziwiri, utsogoleri ndi njira zopikisanirana pamsika. Aliyense m'komitimo wabwera ndi mutu wake, moti tsopano tili ndi mitu 12. Ndalama ndi zochepa, koma wapampando akufuna kuti yonse ilowe kuti pasapezeke wodandaula. Kodi tiyambire pati, ndipo titaye iti?

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli. Ndiyambe ndi kukuuzani mosabisa mawu kuti wapampando wanu akulakwitsa, ngakhale akuchita zimenezo ndi mtima wabwino. Mitu 12 pa ndalama zochepa ndi ija ya ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zaka zisanu zikadzatha mudzakhala ndi timapepala tambirimbiri, aliyense kake, koma sipadzapezeka kamodzi kamene woyendetsa kampani angakawerenge n'kusintha nako kagwiridwe kake ka ntchito. Komabe sindikufuna kuti mulowe m'komitiyo mutanyamula mpeni wodulira mitu ya anzanu. Mukatero mkangano udzakhala wakuti mutu wa ndani ndi wofunika kuposa wa mnzake, ndipo mkangano wotere sutha, umangosiya anthu osalankhulana. Pitani ndi sefa imodzi imene mutu uliwonse uyenera kudutsamo, wanu womwe. Sefayo ndi funso ili: kafukufukuyu akadzatha, kodi tidzatha kusiyanitsa chimene chinabweretsadi chipambano ndi nkhani imene anthu amasimba chipambanocho chitabwera kale?

Ndikufotokozereni chifukwa chimene ndikuumirira pa funso limeneli. Mu 1975 wofufuza wina wa ku America, Barry Staw, anachita kanthu kakang'ono kamene ndimalakalaka mphunzitsi aliyense wa utsogoleri atakadziwa. Anagawa ophunzira m'timagulu n'kuwapatsa ntchito yolosera malonda ndi phindu la kampani ina poyang'ana mabuku ake a ndalama. Atamaliza, magulu ena anauzidwa kuti achita bwino kwambiri, ena anauzidwa kuti zawakanika. Koma mawu amenewa sanatengere ntchito imene anagwira, anangogawidwa mwamaere. Kenako aliyense anafunsidwa mmene gulu lake linayendera. Amene anauzidwa kuti apambana anati ankagwirizana, ankamvetserana, ndipo aliyense anali ndi khama. Amene anauzidwa kuti alephera anakumbukira kusamvana ndi mphwayi. Magulu anali ofanana, koma munthu akangomva zotsatira, mtima wake umalemba mbiri yogwirizana ndi zotsatirazo, ndipo iye mwini amaikhulupirira.

Matenda amenewa sathera m'kalasi. Mu 1982 Tom Peters ndi Robert Waterman anatulutsa buku limene linayenda malonda kwambiri, lofotokoza makhalidwe a makampani 43 a ku America amene ankati ndi akatswiri. Patangopita zaka ziwiri magazini ya BusinessWeek inaonetsa kuti pa makampani atatu alionse a pamndandandawo, pafupifupi imodzi inali itayamba kale kuvutika. Mu 2001 Jim Collins anasankha makampani 11 amene anati anachoka pa kungochita bwino n'kufika pamwamba penipeni. Mwa amenewo, Circuit City, yogulitsa zipangizo zamagetsi, inagwa mu 2008 n'kutseka masitolo ake chaka chotsatira, ndipo Fannie Mae, ya ngongole za nyumba, inachita kupulumutsidwa ndi boma la America mu 2008 momwemo. Olembawa sanali achinyengo, ndipo anagwira ntchito yaikulu yosonkhanitsa nkhani. Vuto linali poyambira pawo. Anasankha kaye opambana, kenako n'kuyamba kufunsa kuti opambanawo amafanana pati. Ukafunsa choncho sukumana ndi makampani amene anachita zomwezo n'kufa, chifukwa wakufa sakhala pamndandanda, ndiponso saitanidwa kukalankhula kumisonkhano. Phil Rosenzweig wa ku sukulu ya bizinesi ya IMD, ku Lausanne m'dziko la Switzerland, analemba za zimenezi mu 2007 ndipo anapereka chitsanzo cha Cisco, kampani yopanga zipangizo zolumikizira makompyuta. Mu 2000, masheya ake ali pamwamba, atolankhani ankaitama kuti imamvera makasitomala komanso kuti ili ndi luso pogula makampani ena. Mu 2001 masheya atagwa, kampani yomweyo, ya bwana yemweyo, inayamba kunenedwa kuti ndi yonyada, yosamva makasitomala, yogula makampani mosaganiza.

Ndikunena izi ndi mtima wopwetekedwa, chifukwa chaka ndi chaka ndimalandira mapulani a kafukufuku a ophunzira a digiri yachiwiri, ndipo ambiri amafanana ngati mapasa. Wophunzira akufuna kugawa pepala la mafunso kwa ogwira ntchito mazana awiri. Tsamba loyamba likufunsa ngati bwana wawo ali ndi masomphenya komanso ngati amawalimbikitsa. Tsamba lachiwiri likufunsa ngati kampani ikuyenda bwino. Woyankha ndi munthu yemweyo, tsiku lomwelo, ndi cholembera chomwecho. Zotsatira zake zimadziwika pepala lisanagawidwe n'komwe: amene wakondwa ndi kampani adzatama bwana, amene wakhumudwa adzamunyoza, ndipo wophunzirayo adzalemba kuti utsogoleri wa masomphenya umakweza phindu. Kale ndinkavomereza ntchito zoterezi, ndipo ndimamva chisoni ndikakumbukira miyezi ya ophunzira amenewo imene inapita popanda kutiphunzitsa kanthu. Ndikukhulupirira kuti pa mitu yanu 12 ija, ingapo ikukonzekera kuyenda njira yomweyi. Imeneyo ndiyo iyenera kuyamba kukonzedwanso kapena kusiyidwa.

Tsono kafukufuku wodutsa pa sefa ija amaoneka bwanji? Tiyambe ndi utsogoleri. Mu 2007 Morten Bennedsen ndi anzake atatu anafalitsa zimene anapeza pa makampani a mabanja ku Denmark. Ankafuna kudziwa chimene chimachitika mwini kampani akasiyira udindo mwana kapena wachibale, kusiyana ndi akalemba manejala wakunja. Kungoyerekeza magulu awiriwa sikungathandize, chifukwa banja likhoza kuitana wakunja pamene zinthu zavuta kale, kapena kusiyira mwana pamene zonse zili bwino. Iwo anaona kuti mabanja amene mwana wawo woyamba ndi wamwamuna amakonda kusiyira wachibale kuposa amene woyamba ndi wamkazi. Kuti woyamba abadwe mwamuna kapena mkazi sizitengera mmene kampani ikuyendera, zili ngati maere amene palibe munthu anawakonza. Atatsata njira imeneyi anapeza kuti kusiyira wachibale kumatsitsa phindu la kampani, poliyerekeza ndi katundu amene ili naye, ndi mapointi osachepera 4 pa 100. Onani kuti sanafunse munthu aliyense ngati bwana wake ndi wabwino. Anafunafuna malo amene mwayi unagawa mabwana, n'kuwerenga zimene zinatsatira m'mabuku a ndalama.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri n'chochokera ku India, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa chingathandize komiti yanu kutsika pa mitu ikuluikulu n'kufika pansi. Nicholas Bloom ndi anzake anapita m'mafakitale oluka nsalu pafupi ndi Mumbai. Zimene anapeza zinali zooneka ndi maso: ulusi uli mbwee m'nyumba zosungiramo katundu, wopanda zizindikiro, wina ukuwonongeka ndi chinyontho, makina akukonzedwa pokhapokha akafa, ndipo nsalu ikatuluka ndi chilema palibe amene ankalemba kuti chilemacho n'chamtundu wanji komanso chachokera pa makina ati. Anasankha mwamaere mafakitale ena n'kuwapatsa alangizi kwa miyezi ingapo, ena anangowayendera pang'ono n'kuwasiya. Zimene ankaphunzitsa zinali njira 38 zosavuta, monga kulemba zilema tsiku lililonse, kukambirana zilemazo pamsonkhano wa m'mawa, kuwerenga ulusi umene ulipo, ndi kusamalira makina asanawonongeke. M'lipoti lawo la 2013 anaonetsa kuti m'chaka choyamba ntchito yotuluka m'mafakitale olangizidwa inakwera ndi 17 peresenti. Atafunsa chifukwa chimene eni ake sankachitira zimenezi kale, anapeza kuti njira zina sankazidziwa, ndipo zina ankazidziwa koma sankakhulupirira kuti zingabweretse phindu. Anapezanso kuti eni ake ambiri sankakhulupirira manejala amene si wachibale, moti kukula kwa kampani kunkathera pa chiwerengero cha abale aamuna amene akanatha kuyang'anira fakitale. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti ofufuzawa anabwererako patapita zaka 9. Anapeza kuti pafupifupi theka la njira zimene zinalandiridwa zija zinali zitasiyidwa, makamaka chifukwa mamanejala ophunzitsidwa anachoka ndipo eni ake analibe nthawi, komabe mafakitale olangizidwa anali adakali patsogolo pa anzawo. Ndi masukulu angati amene amaika ndalama pambali zoti adzabwerere kukaona ngati zimene anaphunzitsa zidakalipo? Yanu ikhoza kukhala imodzi mwa ochepa amenewo.

Ku Lomé, ku Togo, ofufuza ena anagawa mwamaere eni mabizinesi ang'onoang'ono 1,500 m'magulu atatu. Gulu lina linaphunzitsidwa za bizinesi monga mwa nthawi zonse, kusunga mabuku, kutsatsa malonda ndi zina. Lina linaphunzitsidwa kudziyambira zinthu, kufunafuna mwayi osadikira, ndi kusagwa mphwayi zikavuta. Lachitatu silinaphunzitsidwe kanthu. Lipoti la 2017 linaonetsa kuti pa zaka ziwiri phindu la gulu lachiwiri linakwera ndi 30 peresenti, pamene la gulu loyamba linakwera ndi 11 peresenti yokha, imene ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti sinali mwayi chabe. Kwa ife aphunzitsi zotsatira zimenezi n'zowawa, chifukwa maphunziro amene sanaoneke mphamvu ndi amene timawadziwa bwino kuphunzitsa. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo sukulu yofuna choonadi iyenera kulola kuti maphunziro ake omwe ayesedwe.

Tsopano ndifike pamene ndikuona kuti pali chuma chenicheni cha komiti yanu. Mwalemba utsogoleri ndi njira za pamsika ngati nkhani ziwiri, mwina chifukwa zimaphunzitsidwa ndi madipatimenti awiri. Koma m'kampani zimakumana pakhomo la ofesi ya bwana, pamene munthu wodziwa uthenga woipa waima n'kumaganiza ngati alowe kapena abwerere. Amy Edmondson, adakali wophunzira wa digiri ya PhD ku Harvard, anafufuza magulu a anamwino m'zipatala akuyembekeza kuti magulu otsogoleredwa bwino apezeka ndi zolakwa zochepa popereka mankhwala. Manambala anaonetsa zosiyana, magulu abwino ndiwo anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atayang'anitsitsa anazindikira kuti magulu amenewo sankalakwitsa kwambiri ayi, koma ankaulula kwambiri, chifukwa sankaopa. Kumene bwana anali waukali, zolakwa zinkakwiriridwa. Mu 1999 anafalitsa kafukufuku wa magulu 51 a m'kampani ina yopanga katundu, n'kuonetsa kuti gulu limene anthu ake saopa kufunsa kapena kuvomera cholakwa limaphunzira msanga.

Tengani mfundo imeneyo mupite nayo ku Nokia. Ambiri amasimba kuti Nokia inagona tulo pamene iPhone inatuluka mu 2007. Timo Vuori ndi Quy Huy anacheza ndi mamanejala, mainjiniya ndi akatswiri ena, zokambirana 76 pamodzi, ndipo mu 2016 anafotokoza zina. Akuluakulu a Nokia sanagone, ankaiopa kwambiri Apple komanso eni masheya, ndipo mantha awowo ankawathira pa mamanejala apakati mwa kukalipa ndi kufuna zotsatira msanga. Mamanejala apakati ankaopa mabwana awo kuposa mmene ankaopera Apple. Iwo ankadziwa kuti pulogalamu ya Symbian yoyendetsa mafoni awo yatsalira ndipo singakonzedwe pa nthawi imene ankalonjeza, koma kumtunda ankatumiza malipoti okoma. Akuluakulu ankakonza mapulani a msika atadalira uthenga umene mantha anali atausefa kale. Mu 2014 bizinesi ya mafoni ya Nokia inali itagulitsidwa kwa Microsoft. Kodi imeneyi ndi nkhani ya utsogoleri kapena ya njira za pamsika? Funso lakuti uthenga woipa wochokera kwa makasitomala ndi kwa ogwira ntchito umafika bwanji kwa wopanga chisankho, umatenga masiku angati, ndipo umafika utasinthidwa motani, ndi limene ine ndikanaliika pamwamba pa mndandanda wanu. Likhoza kulumikiza aphunzitsi a madipatimenti onse awiri, ndipo likhoza kuyezedwa.

Mwaona kuti kafukufuku wa Nokia sanali wa maere, unali wa kucheza ndi anthu. Ndikunena izi dala kuti musaganize kuti sefa yanga imalola manambala okha. Kucheza ndi anthu kumadutsa pa sefayo ngati wofufuza wafunsa anthu a magawo osiyana, wayerekeza mawu awo ndi zikalata za nthawi imeneyo, ndipo sanangolemba zimene bwana wanena.

Pa njira za pamsika pali mkangano wakale umene komiti yanu iyenera kuudziwa isanasankhe mbali. Mu 1979 Michael Porter anaphunzitsa kuti phindu la kampani limadalira kwambiri mtundu wa malonda amene ili, ndipo anatchula mphamvu zisanu zofinya phindulo: opikisana nawo, olowa kumene, katundu wina amene angalowe m'malo mwa wako, mphamvu ya ogula, ndi mphamvu ya okugulitsa zipangizo. Mu 1991 Richard Rumelt anawerenga manambala n'kupeza kuti kusiyana kwa phindu pakati pa mabizinesi a mtundu umodzi n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa pakati pa mitundu ya malonda. Porter ndi Anita McGahan anawerenganso mu 1997 ndipo anapeza kuti mtundu wa malonda umafotokoza pafupifupi 19 peresenti ya kusiyanako, pamene za bizinesi payokha zimafotokoza pafupifupi 32 peresenti. Choncho zonse ziwiri zili ndi mphamvu, koma gawo lalikulu lili m'kati mwa mpanda wa kampani. Kwa sukulu ya ndalama zochepa, uwu ndi uthenga wabwino. Funso lakuti n'chifukwa chiyani makampani awiri ogulitsa chinthu chimodzi, kwa anthu amodzimodzi, pansi pa malamulo amodzimodzi, amasiyana phindu chaka ndi chaka, silifuna zida zodula. Limafuna kuloledwa kulowa m'makampaniwo ndi kudekha.

Ndipo mukalowa, musakhulupirire msanga pulani yolembedwa. Mu 1975 kampani ya alangizi ya Boston Consulting Group inalembera boma la Britain lipoti lofotokoza chifukwa chimene njinga zamoto za ku Japan zinagonjetsera za ku Britain pamsika wa America. Linafotokoza Honda ngati kampani imene inakonza zonse mwanzeru: kuyamba ndi tinjinga ting'onoting'ono, kupanga tambiri kuti mtengo utsike, kenako kukwera ku zazikulu. Richard Pascale anakacheza ndi akuluakulu a Honda amene anatumidwa ku Los Angeles mu 1959, ndipo mu 1984 analemba zimene anamuuza. Iwo anapita kukagulitsa njinga zazikulu, poganiza kuti anthu a ku America amakonda zazikulu zokha. Njingazo zinayamba kudontha mafuta ndi kuwonongeka makilachi, chifukwa kumeneko anthu amayenda mitunda yaitali komanso mothamanga. Pa nthawiyi iwo ankayenda m'tawuni pa tinjinga tawo ta 50cc potumikira tintchito tawo, ndipo anthu anayamba kuwafunsa kumene angatigule, mpaka wogulira katundu wa kampani ya Sears anawaimbira foni. Poyamba anazengereza poopa kuononga dzina lawo pakati pa okonda njinga zazikulu, koma zazikuluzo zitawakanika analibenso kuchitira mwina. Luso la Honda linali lakuti akulikulu anamvera anthu awo ochepa amene anali kutali, n'kulola kusintha. Taonani kuti tabwereranso pakhomo la ofesi ya bwana paja.

Pa kutsatsa malonda, njira ya maere ndi yosavuta masiku ano kuposa kale. Ku eBay, kampani yogulitsira katundu pa intaneti, akatswiri a zachuma anaimitsa malonda otsatsa amene kampaniyo inkalipira, amene ankaoneka munthu akalemba dzina la eBay pofufuza pa intaneti, ndipo anapeza kuti pafupifupi anthu onsewo anafikabe kudzera pa maulalo aulere. Kenako anaimitsa malonda a mawu ena m'madera ena a America, n'kusiya m'madera ena. Lipoti lawo la 2015 linaonetsa kuti malondawo ankakopa anthu atsopano ndi ogula mwa apo ndi apo, koma ndalama zambiri zinkathera pa makasitomala amene akanagula ndi kale. Malipoti akale ankaonetsa phindu lalikulu chifukwa ankawerenga aliyense wodina malonda ngati wokopedwa ndi malondawo. Ndi matenda aja a Staw atavala malaya ena.

Mudzakumana ndi chopinga chimodzi chimene si cha anzanu ayi, ndi cha mmene masukulu a bizinesi anakulira. Mu 1959 malipoti awiri, lina lolipiridwa ndi Ford Foundation, lina ndi Carnegie Corporation, anadzudzula masukulu a bizinesi a ku America kuti ankangophunzitsa ntchito popanda maziko a sayansi. Masukuluwo anamva, analemba akatswiri a zachuma, a masamu ndi a za maganizo a anthu, ndipo kafukufuku anakhwima. Koma pofika 2005 Warren Bennis ndi James O'Toole anadandaula kuti zinapitirira muyezo, moti mphunzitsi akhoza kukwezedwa mpaka pamwamba asanalowepo m'kampani. Chaka chomwecho nkhani ya Sumantra Ghoshal, imene inatuluka iye atamwalira, inachenjeza kuti ziphunzitso zoona manejala ngati munthu wongofuna zake zokha zikhoza kupanga mamanejala otero. Mpaka pano aphunzitsi ambiri amakwezedwa powerenga mapepala amene atulutsa m'magazini ochepa otchuka, monga magazini 50 a pamndandanda wa nyuzipepala ya Financial Times. Choncho mphunzitsi wachinyamata akasankha pepala la mafunso lotha m'miyezi itatu m'malo mwa ntchito ya zaka zinayi, musamuone ngati waulesi. Akuwerenga bwino malamulo a kukwezedwa. Komiti yanu ikafuna ntchito yozama, iyenera kupemphanso akuluakulu a sukulu kuti zaka zomanga ubale ndi makampani ndi kusonkhanitsa manambala ziziwerengedwa pokweza munthu. Popanda zimenezo mndandanda wanu udzakhala pa pepala basi.

Ndikanakhala pampando wanu, ndalama zambiri sindikanaziika pa mitu, ndikanaziika pa chuma chimodzi cha onse. Ndikanafuna makampani makumi angapo, aakulu ndi aang'ono, ochita bwino ndi ovutika, ovomera kuyenderedwa chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Mwa iwo tizilemba zinthu zoti munthu akhoza kuziona: misonkhano imachitika kangati, madandaulo a kasitomala amafika kwa ndani, mitengo amaisintha ndani ndipo potengera chiyani, bwana watha bwanji sabata yake. Henry Mintzberg anatsatira mabwana asanu okha, aliyense kwa sabata, ndipo mu 1973 anaonetsa kuti theka la ntchito zawo linkatha mphindi 9 zisanakwane, zimene zinagwetsa chithunzi cha bwana wokhala phee akukonza mapulani. Mabwana asanu okha, koma anawaona ndi maso. Chofunika kwambiri n'chakuti kampani ina ikagwa m'kati mwa zaka zisanuzo musaichotse pamndandanda. Mudzakhala ndi chinthu chosowa kwambiri, mbiri ya kampani yolembedwa isanafe, pamene panalibe amene ankadziwa mathero ake. Lembaninso pasadakhale zimene mukuyembekeza kupeza ndi mmene mudzaziyezere, kuti zotsatira zikadzabwera mtima usadzakusinthireni funso.

Pa chuma chimenecho ndikanamangapo mafunso atatu okha. La uthenga woipa ndalitchula kale. Lachiwiri ndi la njira zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, ziti zimakweza phindu, ndipo n'chifukwa chiyani zimasiyidwa manejala akachoka. Lachitatu ndi la kusiyirana udindo, chifukwa kampani iliyonse imafika pamenepo, ndipo ndi pamene mphamvu ya mtsogoleri imaoneka bwino, popeza kampani ndi yomweyo koma munthu wasintha.

Nanga mitu ya makono, monga ya AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu), imene ndikukhulupirira kuti ilipo pa 12 ija? Musaikane chifukwa ili m'fasho, ndipo musailandire chifukwa chomwecho. Idutse pa sefa ngati ina yonse. Erik Brynjolfsson ndi anzake awiri anatsatira anthu oposa 5,000 oyankha makasitomala, amene anapatsidwa chida cha AI pa nthawi zosiyana, ndipo mu 2023 anapeza kuti mavuto othetsedwa pa ola anakwera ndi pafupifupi 14 peresenti, ndipo opindula kwambiri anali ongoyamba kumene ntchito, pamene akatswiri sanasinthe kwenikweni. Mutu wa AI wolembedwa motero, wokhala ndi gulu loyerekeza nalo komanso chinthu chowerengeka, ulowe. Koma wakuti tifunse mamanejala maganizo awo pa AI udikire kaye.

Za anzanu m'komiti, ndikupemphani kuti musawachititse manyazi. Ambiri mwa mitu 12 ija sifunika kufa, ifunika kusanduka mafunso. Pamsonkhano wotsatira pemphani kuti aliyense abwere ndi tsamba limodzi loyankha zinthu zinayi: akufuna kudziwa kuti chiyani chimayambitsa chiyani, adzayerekeza ndi ndani, zotsatira zidzachokera kwa munthu wina wosiyana ndi amene akufotokoza za bwana kapena ayi, ndipo ndi zotsatira zotani zimene zingamuchititse kuvomera kuti analakwitsa. Funso lachinayilo ndi limene limavuta anthu kwambiri, choncho yambani ndi kuliyankha inuyo pa mutu wanu, pamaso pa onse. Mudzaona kuti mitu ina idzalumikizana yokha, chifukwa eni ake adzazindikira kuti akufuna makampani omwewo ndi manambala omwewo, ndipo ina eni ake adzaibweza okha kuti akaikonzenso. Kwa wapampando, mufotokozereni kuti pa chuma cha onse chija dzina la aliyense likhoza kulowa, ngakhale mutu wake utasintha, ndipo mupempheni kuti gawo lina la ndalama lisungidwe mpaka chaka chachisanu kuti mudzabwerere m'makampani omwewo kukaona zimene zatsala.